Ulimi wa mphutsi za BSF kuno ku Angónia: ndiyambire pati kuti ikhale bizinesi?

Mnyamata wa ku Ulongwe:

Moni akuluakulu nonse. Ndili ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kufupi ndi msika, ndipo ndikufuna kuyamba kuweta mphutsi za ntchentche yakuda ija ya BSF (black soldier fly), imene pa Chipwitikizi amati mosca soldado negra, kuti ndizigulitsa kwa oweta nkhuku, nkhumba ndi nsomba. Chakudya cha ziweto cha m'matumba chikukwera mtengo, kapenta wa ku Cahora Bassa anthu akulimbirana ndi nkhuku, pomwe kumsika kuno kabichi, matimati ndi mbatatesi zowonongeka zikungotayidwa milumilu.

Malo alipo kuseri kwa nyumba, mamita 15 mulitali ndi 10 mulifupi mkati mwa mpanda, madzi a pachitsime ali pafupi. Ndithandizeni pa izi. Mbewu yoyambira ndiipeza bwanji? Pamafunika zinyalala zochuluka bwanji kuti munthu adzaze thumba limodzi la mphutsi zouma? Nanga kuzizira kwathu kuno kwa Juni ndi Julayi sikungandiphere zonse? Chomaliza, ogula amazifuna zamoyo kapena zouma, ndipo mtengo wake munthu amauika potengera chiyani?

Mlimi wa ku Domwe:

Achimwene, musanagule thabwa kapena msomali, tengani sikelo mupite kumsika masiku 7 otsatizana, muziyeza zinyalala zimene mungatolere patsiku osalipira kanthu. Ulimi umenewu umaima pa zinyalala, ndipo ambiri amayamba ndi kumanga shedi yaikulu kenako n'kusowa choikamo.

Masamu ake ndi awa. Makilogalamu 100 a zinyalala zonyowa, zosakanizidwa bwino, amatulutsa makilogalamu 15 mpaka 20 a mphutsi zamoyo. Mukaziumitsa zimatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti makilogalamu 5 mpaka 7. Thumba limodzi la makilogalamu 50 la zouma likufuna zinyalala zapakati pa makilogalamu 700 ndi tani imodzi. Ngati sikelo yanu ikusonyeza makilogalamu 30 patsiku, dziwani kuti mwezi wonse mudzadzaza thumba limodzi lokha.

Zolereramo zisakuvuteni. Beseni kapena kireti ya pulasitiki ya masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi ndi 15 mpaka 17 kuya imalandira timphutsi 10,000 ta masiku 5. Timeneti timadya makilogalamu 15 m'masiku 12, koma musatithirire zonse kamodzi. Ikani makilogalamu 5 tsiku loyamba, 5 ena tsiku lachisanu, 5 omaliza tsiku la 8. Chakudya chisakhuthale kupitirira masentimita 5 mpaka 7. Mphutsi zimapuma, ndipo pansi pa mulu wokhuthala mpweya sufika. Pamenepo pamasasa, pamatuluka fungo la chimbudzi, mphutsi zimangodya zapamwamba n'kusiya zonse zapansi. Migolo ya pulasitiki yodula pakati mulitali imagwiranso ntchito, bola isakhale imene munali mankhwala a mbewu.

Kabichi ndi matimati paokha si chakudya chokwanira. Ndi madzi okhaokha, mapuloteni ndi ochepa, ndipo mphutsi zake zimatuluka zowonda, n'kutenga masabata atatu kapena anayi m'malo mwa awiri. Pa makilogalamu 15 aja, yesani kusakaniza 8 a zakumsika, 4 a masese otsala pofulula mowa, ndi 3 a gaga wouma. Zakumsikazo zidulidwe ndi chikwanje kapena zisinjidwe mumtondo mpaka tizidutswa tisapose sentimita imodzi kapena awiri, chifukwa mphutsi zilibe mano odulira tsinde la kabichi. Mbatatesi yaiwisi imazivuta, ndiye iphikeni pang'ono kapena isinjeni n'kuitsekera mumgolo masiku 4 kapena 5 kuti ifewe. Mgolo wotseka bwino umathandizanso kusunga chakudya cha tsiku la msika kuti chikufikitseni sabata yonse. Nyengo ya mango, Disembala ndi Januwale, ndi ya phwando, koma mango amatulutsa madzi ambiri, choncho zouma muziwonjezera. Ndowe za ng'ombe pazokha sizikuza mphutsi, muli ulusi wambiri umene ng'ombeyo yalephera kale kugaya.

Chinyezi chikhale chapakati pa 70 ndi 80 peresenti. Simufunika makina. Tapani chakudya m'dzanja mufinye. Madontho ochepa akatuluka pakati pa zala, chili bwino. Madzi akachucha, thirani gaga kapena zitsononkho zogaya. Pakapanda kutuluka kanthu ndipo chikuyoyoka, wazani madzi.

Tsopano zimene zimapha, chifukwa kuno kwathu n'zambiri. Choyamba fodya. Zinyenyeswa ndi mapesi a fodya, ngakhale zosesa za m'chigafa, zisayandikire beseni, chikonga chake ndi mankhwala ophera tizilombo. Chachiwiri gaga wa chimanga chimene chinathiridwa mankhwala a anankafumbwe, monga Actellic. Mankhwalawo amatsalira kwambiri m'khungu la chimanga, ndipo khungulo ndiye gaga. Funsani kuchigayo, ndipo gaga watsopano aliyense muyambe mwamuyesa pa kabeseni kamodzi ka mphutsi zochepa kwa masiku awiri. Chachitatu matimati ndi kabichi zopoperedwa masiku omwewo zisanakololedwe. Masamba akunja a kabichi ndi amene amasunga mankhwala ambiri, atsukeni. Zotsala za m'malo odyera n'zabwino kwambiri, koma sankhanimo mapulasitiki, mabatire ndi magalasi. Mabatire makamaka, chifukwa mphutsi zimasunga zitsulo zapoizoni monga cadmium m'thupi mwake n'kukazipereka ku nkhuku.

Mukadzuka m'mawa n'kupeza mphutsi zoyera zili mbwee pansi, zathawa chimodzi mwa zitatu: chakudya chanyowa kwambiri, chatentha kwambiri, kapena chatha. Pisani dzanja. Mphutsi zikachuluka zimadzipangira kutentha, ndipo mukamva kuti mukutentha ngati phala, gawani beseniyo pawiri. Zimakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30. Khoma la beseni likakhala louma sizikwera, likachita thukuta zimakwera mosavuta.

Mabeseni akhale pathandala. Miyendo ya thandala iime m'zitini za madzi kapena za oyilo wakutha, apo ayi linthumbu likhoza kukumalizirani zonse usiku umodzi. Makoswe, abuluzi ndi nkhuku za anansi zitchingeni ndi waya wa maso ang'ono.

Mayi wa ku Tsangano:

A ku Domwe afotokoza bwino za kunenepetsa. Ine ndikhudze za ntchentche ndi mazira, popeza apa ndi pamene ulimiwu umaduka. Kunenepetsa mphutsi aliyense angathe, koma kukhala ndi timphutsi tatsopano tsiku lililonse chaka chonse ndiye luso lenileni.

Mbewu mutha kuikola nokha, ntchentcheyi ilipo kale m'dziko muno, makamaka nyengo yotentha ndi ya mvula. Nyikani gaga m'madzi masiku atatu kuti asase, sakanizani ndi zipatso zowola, ikani m'chidebe pamthunzi pafupi ndi dzala kapena khola. Chivundikiro chisatseke kotheratu. Mkati, pamwamba pa chakudyacho koma osachikhudza, pachikani tizidutswa ta katoni toonetsa timabowo take. Masiku oyamba zimabwera ntchentche wamba, musataye mtima. Zathuzi zimafika pakatha sabata imodzi mpaka atatu, ndipo mphutsi zake zikakhazikika, ntchentche wamba zimachepa zokha. Yambani ntchito imeneyi kuyambira Okutobala, osati m'chisanu.

Kuizindikira n'kosavuta. Ndi yakuda, yaitali pafupifupi masentimita awiri, imafanana ndi mavu koma siluma, ndipo pamimba pake chakumtunda pali timadontho tiwiri towala ngati galasi. Siikonda kulowa m'nyumba kapena kutera pa nsima. Mphutsi yake ndi yophwatalala, ya mizeremizere, imafika masentimita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ya ntchentche wamba ndi yaing'ono, yosongoka kumutu, yothamanga.

Moyo wake umayenda chonchi kukakhala kofunda. Mazira amaswa pa masiku 4. Mphutsi imadya masabata awiri kapena atatu, kenako imada, imasiya kudya n'kuyamba kufuna malo ouma. Ikauma n'kukhala chikwa, pamapita masabata ena awiri kapena atatu kuti ntchentche ituluke. Ntchentcheyo imakhala pafupifupi sabata imodzi, imangomwa madzi, ndipo yaikazi imaikira kamodzi kokha mazira 400 mpaka 800 n'kufa. Kuzungulira konseku ndi masiku 40 mpaka 45. Ndiye cholakwika chimene mwachita lero m'khola la ntchentche mudzachimva m'thumba pakatha mwezi ndi theka.

Pa zokolola zilizonse siyani mphutsi 2 mpaka 5 pa 100 zilizonse kuti zikhale mbewu. Zidyetseni bwino mpaka zide, chifukwa ntchentche imaikira mazira ndi mafuta amene inasunga ili mphutsi. Zikada, ziikeni m'beseni la utuchi kapena manyowa ouma okhala ndi chinyezi pang'ono, kuya masentimita 5 mpaka 10, pamdima. Utuchi ukanyowa zimawola, ukauma gwa zimafera m'chikwa.

Khola la ntchentche likhale mita imodzi mbali zonse, kutalika mita ndi theka, lokutidwa ndi neti. Apa mverani bwino mwanawe: neti ya udzudzu imene timalandira kuchipatala ili ndi mankhwala. Ntchentche zikateramo zimafa zonse, ngakhale netiyo itachapidwa kangapo. Gulani neti yoyera yopanda mankhwala kapena nsalu yopyapyala ya makatani. Neti ya kuchipatala igonedwe ndi ana. Ndipo opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba akafika m'dera lanu, khola ndi mabeseni zikhale kutali ndi makoma opoperedwa.

M'kholamo muikemo zinthu zitatu. Mbale ya madzi yokhala ndi nsalu yonyowa pamwamba kuti zimwe osamira, ndipo kashuga pang'ono m'madzimo kamatalikitsa moyo wake. Kachidebe ka nyambo yonunkha, monga gaga wosasa wosakaniza ndi manyowa a mphutsi ndi ntchentche zakufa, kovundikira ndi neti kuti zisaikire m'nyambomo. Pamwamba pa kachidebeko ikani poikira mazira: timatabwa 4 kapena 5 topala bwino, tosanjikiza, tolekanitsidwa ndi mpata wa milimita imodzi kapena awiri, tomanga ndi malegeni. Yaikazi imafuna mng'alu wouma pafupi ndi fungo. Timatabwa timaposa katoni chifukwa mumamasula n'kupala mazira ndi mpeni, pomwe katoni ikanyowa imachita nkhungu.

Chotsani mazira masiku awiri aliwonse. Galamu imodzi ili ndi mazira pafupifupi 35,000 mpaka 40,000, choncho mufunika kasikelo kakang'ono ka manambala, konga kaja amayezera golide ku Chifunde. Mazira asakhudze madzi. Aikeni pa kawaya pamwamba pa chakudya cha ana, timphutsi tikaswa tizigwera tokha. Chakudya cha anacho musaumire: magawo atatu a chakudya cha anapiye pa magawo 7 a madzi. Pakatha masiku 5 sefani, yezani zonse, tapani magalamu awiri muwerenge timphutsi tili mmenemo, ndiye muchulukitse. Mukamangoyerekeza ndi maso, beseni lina lidzadzaza n'kutulutsa timphutsi tofwifwa, lina lidzachepa n'kuwoletsa chakudya.

Za kuzizira, mantha anu ndi oona. Ntchentchezi sizikwerana popanda dzuwa lowala komanso kutentha kofika cha m'ma madigiri 25. Masiku a chiperoni zimangokhala duu pa neti. Mphutsi nazo kukazizira pansi pa madigiri 15 zimangoti zii, kudya pang'onopang'ono, koma sizifa msanga. Mangani kanyumba ka pulasitiki woonekera, koyang'ana kumpoto kumene dzuwa la chisanu limadutsa. Mkati ikani migolo yakuda yodzaza madzi, imatenga kutentha masana n'kukutulutsa usiku. Mabeseni muwasanjikize mothinana, muwafunditse masaka usiku, ndipo chakudya chikhale chokhuthalirapo kuti mphutsi zifunditsane. Mbaula ya makala isalowemo, utsi umapha ntchentche. Kukacha dzuwa likakwera tsegulani, poti pulasitiki wotseka masana amatha kuwotcha ngakhale mu Julayi. Ngakhale mutachita zonsezi, werengerani kuti Juni ndi Julayi zokolola zidzatsika, musalonjeze ogula muyeso wa Novembala.

Mnyamata wa ku Ulongwe:

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi, za neti ndi gaga wa mankhwala sindikanaziganizira. Pafupi pano pali oweta nkhuku zoikira amene angandipatse zitosi kwaulere, komanso makola a nkhumba ndi ambiri. Kodi ndingadyetse mphutsi zimenezo? Ndipo pokolola, kuumitsa kwake kumayenda bwanji kuti zisanunkhe?

Wa ku Moatize:

Achimwene, mphutsi zimadya zitosi ndi ndowe za nkhumba bwinobwino, vuto lili kumene mukazigulitse. Angónia ndi dera limene chigodola cha nkhumba chinakhazikika kalekale, ndipo kachilombo kake n'kolimba, kamakhala nthawi yaitali m'nyama ndi m'zinthu zodetsedwa. Ngati mwa ogula anu muli oweta nkhumba, ndowe za nkhumba ndi zotsala za nyama ya nkhumba zisalowe pamalo panu n'komwe. Zitosi za nkhuku mutha kugwiritsa ntchito, makamaka zouma posakaniza ndi zakumsika, koma mphutsi zake musazipereke zamoyo kwa nkhuku. Mungazungulitse njoka za m'mimba, salmonella ndi matenda ena kuchoka khola lina kupita lina. Zimenezo ziwiritsidwe, ndipo ndi bwino zipite ku nsomba. Zitosi za nkhuku zimene zikumwa mankhwala zisiyeni.

Kololani pa tsiku la 12 mpaka 14, mukangoona zochepa zayamba kuda. Mukadikira kuti zide zonse, khungu limalimba, kulemera kumatsika, ndipo anapiye ndi nsomba zazing'ono zimavutika kuzigaya. Masiku awiri omaliza musathire chakudya chonyowa, kuti zotsala ziume n'kukhala ngati dothi loyoyoka. Sefani ndi sefa ya maso a mamilimita 3 mpaka 5. Zotsala zikakhala zamatope, ziyaleni pa waya padzuwa, pansi pali beseni. Mphutsi zimadana ndi kuwala, zimalowa pansi zokha n'kugwera m'besenimo.

Mukasefa, zisiyeni usiku umodzi mu utuchi wouma zopanda chakudya kuti zitulutse za m'mimba. Kununkha kwambiri kumachokera pamenepa anthu akadumpha. M'mawa zitsukeni, ziviikeni m'madzi owira, ndipo madziwo akayambiranso kubwata werengani mphindi zitatu. Osazipha poziyanika zamoyo padzuwa, zimada n'kununkha.

Kuno kuchigwa, Moatize, Tete, Changara, dzuwa limaumitsa m'masiku awiri kapena atatu pathandala la waya lovundikira ndi neti. Kwanu kumtunda nthawi ya mvula dzuwa silidalirika, zimachita nkhungu zisanaume. Kazingani m'chiwaya chachikulu ndi mchenga wotsuka wa kumtsinje, mchenga wolemera mofanana ndi mphutsizo, mukutakasa osaleka mphindi 15 mpaka 20, kenako sefani. Zouma bwino zimathyoka kuti tswa pakati pa zala. Zikamapindika, madzi akadalimo. Sungani m'matumba osalowa mpweya, pamthunzi, ndipo zigulitsidwe isanathe miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mafuta ake amayamba kununkha ndipo nkhuku zimazikana.

Mafutawo ndi ambiri, nthawi zina kupitirira 30 peresenti. Mukapita nazo kuchigayo pazokha zimamata sefa n'kusanduka chiponde. Zisakanizeni ndi chimanga musanagaye. Amene ali ndi makina ofinyira mpendadzuwa angathe kuzifinya zili zofunda, zotsala pofinyazo, zotchedwa keke, zimasungika nthawi yaitali ndipo mapuloteni ake amapitirira 50 peresenti.

Zouma zosafinya zili ndi mapuloteni apakati pa 35 ndi 45 peresenti. Koma nambala ya ku labotale imakwera pang'ono kuposa zenizeni, popeza khungu la mphutsi lili ndi nayitrojeni amene amawerengedwa ngati puloteni pomwe nkhuku siimugaya yense. Posakaniza werengerani 36 mpaka 38. Chitsanzo cha makilogalamu 100 a nkhuku zoikira: chimanga 55, gaga 8, keke ya soya 17, mphutsi zouma 10, laimu wa ziweto 9, ndipo kilogalamu yotsalayo ikhale mchere magalamu 300, premix (mavitamini ndi michere yosakaniza kale) 250, methionine (chomanga thupi chowonjezera m'chakudya cha nkhuku) 100, ndi ufa wa mafupa. Zimenezi zimafika pa 16 mpaka 17 peresenti imene nkhuku yoikira imafuna. Laimu musachotse poganiza kuti mphutsi zili ndi kashiamu wokwanira, sizifika pa muyeso wa nkhuku yoikira, mazira adzatuluka a chikamba chofewa. Ngati m'malo mwa keke mukugwiritsa soya wokazinga, chepetsani mphutsi, mafuta angachuluke nkhuku n'kunenepa osaikira. Kwa nkhuku za nyama yambani ndi 5 peresenti, musapose 10 mpaka 15. Nkhuku za chikuda zimakonda zamoyo, magalamu 10 mpaka 15 pa nkhuku madzulo.

Kwa amene akuwerenga ali kuchigwa kuno, mdani wathu ndi wosiyana. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mazira amauma asanaswe ndipo mphutsi zimapsa m'beseni. Denga likhale la udzu osati malata, chakudya chikhale chopyapyala, masaka onyowa apachikidwe kumbali yochokera mphepo, pansi pazithiridwa madzi. Zotsala za masawu ophikira kachasu n'zothandiza, koma zizizire ndi kudontha tsiku lonse kaye.

Bambo wa ku Furancungo:

Zaluso zanenedwa. Ine nkhawa yanga ndi ndalama, ndipo pang'ono ndisiyane ndi a ku Domwe pa gaga. Makilogalamu atatu a gaga pa beseni amabweza mphutsi zamoyo makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu, zikauma sizifika n'komwe kilogalamu. Gagayo ndi chakudya cha nkhumba kale, ndipo Januwale ndi Febuluwale amakwera mtengo, m'zaka za njala anthu amadya. Kugula chakudya cha ziweto kuti mupange chakudya cha ziweto ndi kuzungulira pamodzimodzi. Phindu limabwera pamene mphutsi zikudya chinthu chopanda mtengo.

Mtengo wogulitsira simuika inu, amaika soya. Keke ya soya ili ndi mapuloteni cha m'ma 44 peresenti, kapenta wouma amapitirira 55, mphutsi zanu zili pansi pa 40. Wosakaniza chakudya wodziwa ntchito yake amagawa mtengo wa kilogalamu ndi mapuloteni ake, ndipo kuno soya timalima tokha, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Mwezi wa Meyi ndi Juni soya akatsika, mphutsi zouma sizingapikisane naye. Mpata wanu uli pakulowa m'malo mwa kapenta, ndiponso miyezi ya Novembala mpaka Malichi pamene soya wasowa, imenenso ndi miyezi imene mphutsi zimakula msanga.

N'chifukwa chake ndinganene kuti musadalire zouma zokha. Zamoyo sizifuna nkhuni, sizitaya kulemera, ndipo oweta nkhuku za chikuda, abakha, nkhanga ndi a maiwe a nsomba amagula pa kapu kapena pa chidebe. Koma sizipita kutali. Kuchoka ku Ulongwe kukafika mumzinda wa Tete ndi mtunda wopitirira makilomita 200, ndipo m'thumba lotseka zimatenthana n'kufa panjira. Zamoyo zigulitsidwe pomwe njinga ikufika. Manyowa otsala nawo ndi katundu. Pa makilogalamu 100 a zinyalala mumatsala 20 mpaka 30, ndipo alimi a madimba a matimati, kabichi ndi mbatatesi amawafuna. Muwaunjike pamthunzi masabata atatu kapena anayi, mukutembenuza, chifukwa atsopano amatentha n'kuwotcha mbande. Timphutsi ta masiku 5 timagulitsidwanso kwa amene akufuna kunenepetsa okha osasunga ntchentche.

Njira imene imabweza ndalama mosakayikitsa ndi kukhala ndi nkhuku zanu. Nkhuku zoikira 100 zimadya pafupifupi makilogalamu 12 patsiku. Gawo la mphutsi pa 10 peresenti ndi makilogalamu 1.2 a zouma, kapena pafupifupi 4 a zamoyo, ochokera ku zinyalala makilogalamu 20 mpaka 25. Pamafunika kuyambitsa mabeseni atatu masiku awiri aliwonse, ndiye mabeseni 20 ozungulira, ndi theka la galamu kapena kuposerapo pang'ono la mazira patsiku. Malo anu aja akukwana ndi kutsala. Mazira a nkhuku ali ndi msika kale, pomwe mphutsi muyenera kuyamba mwaphunzitsa anthu. Ndipo oweta anzanu amakhulupirira akaona nkhuku zanu, osati mawu.

Polemba ndalama zotuluka musaiwale zitatu zimene zimabisala: kunyamula zinyalala, nkhuni zowiritsira ndi kukazingira, ndi maola anu kapena a waganyu. Zinyalala za kumsika lero n'zaulere, koma oweta nkhumba amazifunanso, ndipo anthu akaona kuti mukupindula nazo amayamba kutchula mtengo. Gwirizanani msanga ndi oyang'anira msika, ofulula mowa ndi eni malo odyera, muwasiyire migolo yanu yolemba dzina.

Za mapepala, tengani NUIT (nambala ya msonkho), mukafunse ku SDAE (ofesi yoona zaulimi ndi zachuma) ya boma lanu za ziweto ndi chakudya chake, ndipo chilolezo cha bizinesi chimayambira ku BAÚ, ofesi yopereka zilolezo za mabizinesi. Musawolotse katundu pa Calómuè kupita ku Dedza popanda zikalata za ziweto. Ulimiwu si wachilendo kwa akuluakulu a malamulo: Kenya ndi Uganda anakhazikitsa miyezo ya chakudya cha ziweto chochokera ku tizilombo mothandizidwa ndi kafukufuku wa bungwe la icipe ku Nairobi, ndipo mayiko a European Union analola ufa wa tizilombo m'chakudya cha nsomba mu 2017, cha nkhuku ndi nkhumba mu 2021. Pomwe mulipo pali sukulu ya zaulimi ya UniZambeze, pitaniko mukafunse za kuyeza zokolola zanu. Anansi muwauze musanayambe, ndipo muwaonetse kuti ntchentchezo zili m'neti.

Mlimi wa ku Domwe:

Pa gaga, bambo a ku Furancungo anena zoona, makamaka miyezi ya njala. Ntchito yake yaikulu m'kasakanizidwe kaja ndi kumwa madzi, ndiye angachepetsedwe kufika kilogalamu imodzi. Malo akewo ikani zitsononkho zogaya, makoko a mtedza kapena a soya opunthapuntha, ndi zakumsika zimene mwaziyala padzuwa tsiku limodzi kuti zifote. Mukatero masese akwere kufika makilogalamu 5 kapena 6 kuti mapuloteni asatsike. Utuchi wokha musauike wambiri, mphutsi siziudya ndipo umavuta posefa.

Achimwene, yambani ndi mabeseni 6, awiriawiri pa kasakanizidwe kamodzi, timphutsi tofanana kuchuluka. Pa lililonse matani kapepala ka tsiku loyambira, chimene mwaikamo ndi kulemera kwake, ndipo pa tsiku la 12 muyeze zotuluka. Likatulutsa zosafika makilogalamu awiri, yang'anani kaye chinyezi ndi kuchuluka kwa timphutsi musanaimbe mlandu chakudyacho.